Ampulifaya ya a Maurice ndi Kasipika ka Pakhonde

Amuna anga a Maurice akagula chinthu, nyumba yonse timadwala nacho. Chaka cha 1987 matenda ake anali ampulifaya, chibokosi chakuda chowonjezera mphamvu ku masipika, chimene anagula kwa mzungu wina wa ku Malosa wobwerera kwawo.

Vidiyo tinali nayo kale, mawu ake ankadzera pa wailesi yathu, ndipo inkamveka bwinobwino: masipika awiri pabalaza, kena kakang'ono pakhonde. Kwathu alendo akachuluka abambo amalowa m'nyumba, ife amayi timayala mkeka pakhonde n'kumaonera pazenera lagalasi losatseguka. Ndiye a Maurice analumikiza awiri a pabalaza ku chibokosicho, ka pakhonde n'kukasiya pa wailesi yakale. Poyesa anakhala pampando wawo n'kumagwedeza mutu. Pakhonde sanapondepo n'komwe.

Loweruka masana kunabwera a Bibi Asiyatu, oyandikana nawo nyumba, pamodzi ndi abale awo. Mwana wawo Abida anakwatiwa ku Harare, iwo osapitako. Kaseti ya ukwatiwo inali yobwereka, inabwera ndi a Abdulkarim oyendetsa lole, ndipo loleyo inali pa Songani kudikira kunyamuka kubwerera ku Harare dzuwa lisanalowe. A Bibi maso anachita ng'ala, zithunzi analibe nazo ntchito. Ankangofuna kumva mawu a mwana wawo.

Kaseti itangoyamba, mayo ine! Mbale zinalira m'kabati, nkhuku zinabalalika pabwalo.

"Aphunzitsi, mutigonthetsa!" anakuwa a Abdulkarim.

A Maurice anatsitsa voliyumu ya pa wailesi, imene imalamulira masipika onse. M'nyumba munakhala bwino, koma kasipika kathu kanangoti zii.

"Bambo a Lizzie, kuno sitikumva!" ndinatero ndikugogoda galasi.

Anakweza. Kathu kanayamba kunong'ona, koma kunong'onako kunamira m'chigudugudu chochokera kukhoma, ngati chigayo. Abambo anatseka makutu. A Maurice anatsitsanso. Kukweza, kutsitsa, kukweza, kutsitsa, ukwati ukupita pagalasi la vidiyo, ife tikungoona anthu akuyasamula ngati nsomba.

"Enifa, wayankhula kale?" anandifunsa a Bibi.

"Ayi, mayi, sanayambe." Ndinkadziwa ngati? Mtima unandiwawa.

Ndinasuzumira pakhomo. A Maurice anali ataimitsa kaseti, atagwada, thukuta kamukamu.

"Mayi a Lizzie, dekhani. Chibokosichi chili ndi batani lakelake. Masipika awiriwa alandira mphamvu yoposa ka pakhondeko, ndiye ndiyenera kuwalinganiza onse kuti azimveka mofanana."

"Nanga sabata yonseyi munkatani?"

"Pampando pangapa zimamveka bwino."

Pampando pawo! Ndithu mwamuna ameneyu amaphunzitsa ana a eni ake, koma sanaganizepo kuti pakhonde pamakhalanso anthu a makutu. Anapotokola batani lachibokosilo pang'ono, n'kuyatsa, n'kupendeketsa mutu, n'kulibwezanso. Mphamvu yogula ndi ndalama ankaimvera chisoni kuichepetsa.

A Abdulkarim anaimirira n'kuyang'ana dzuwa. "Aphunzitsi, pepani, ulendo ngwautali. Nditulutsireni kasetiyo."

Pagalasi panali Abida yekha, atavala zoyera, akuyang'ana kwa ife, milomo ikuyenda.

Basi, zinandikwana. Ndinalowa, ndinadutsa pakati pa miyendo ya abambo osati n'zikomo yemwe, n'kuzula pulagi ya chibokosicho kukhoma.

"Iwe Enifa! Uwotcha zinthu!"

"Zipse! Bwezani kasetiyo m'mbuyo, mukweze wailesiyo mpaka kumapeto."

Kaya anaona chiyani pankhope panga, koma anabweza. Masipika a pabalaza anali atafa. Kunja kasipika kaja kanayankhula kokha, momveka mbee.

"Salamu alekumu, amayi. Ndine Abida. Ndafika bwino, musadandaule."

"Alekumu salamu, mwanangu," anayankha a Bibi.

Anapapasa mpaka anakapeza kasipikako, n'kukaika pamiyendo ngati khanda. Abambo, poti m'nyumba munalibenso mawu, anatuluka mmodzimmodzi n'kukaima pabwalo. A Maurice anabwera pomalizira, akung'ung'udza zoti akanangopatsidwa kanthawi pang'ono.

"Chete, aphunzitsi," anatero a Bibi, khutu lili pasipika. Anamvetsera mpaka Abida anamaliza, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli a Abdulkarim.

"Mwanayu ali ndi chimfine. Mukamuuze azifunda."