Manda a m'Kanema

Aubrey anamwalira ku Joni, koma kwawo ku Likoswe kunangofika chikwama. Anabwera nacho ndi Francisko, mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi kumeneko, ndipo zimene ankadziwa zinali zochepa. Aubrey anadwala chifuwa, anamutengera kuchipatala, kenako kunamveka kuti watisiya. Kukatenga mtembo kunkafuna mapepala, pamene anyamata awiriwa analowa m'dziko la eni opanda pepala ndi limodzi lomwe. Francisko anaopa kupitako. Mtembo unaikidwa ndi anthu osaudziwa, pamalo pamene iye sanapaone.

Bambo ake a Aubrey, a Gladson, anali mkulu wa adzukulu m'mudzimo. M'zaka zimenezo matenda aja anali atalusa m'Chiradzulu, moti khasu lawo silinkachita dzimbiri. Anakumbira aphunzitsi, anakumbira atsikana amene anawaona akubadwa, anakumbira ngakhale anthu amene ankawajeda kuti amanunkha manda. Ndiye taganizani, munthu woika mudzi wonse, mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo n'kukhala wopanda mtumbira. Zinkawapweteka kwambiri. Akazi awo, a Felista, anakana kulira maliro opanda mtembo, anakananso kumeta, ankati mwana wawo akali panjira. A Gladson sankawatsutsa, chifukwa nawonso ankamumva. Akamalima, kumbuyo kwawo kunkakhala ngati kwaima munthu amene akudikira kuti amuuze pokhala. Akatembenuka ankangoona nandolo.

M'chikwama muja munali zovala, nsapato, ndi kabokosi kakuda ka gemu yosewera pa kanema. Kumudzi kunalibe magetsi, choncho Francisko anapempha kukasunga kabokosiko ku Namitambo, m'kanyumba kometera ka Bwanali, momwe munali wailesi ya kanema. Tsiku lina la msika a Gladson analowamo kudzamufunsanso Francisko funso lawo lomwe lija, loti mandawo angakhale mbali iti ya mzindawo. Anamupeza atakhala pabenchi, maso ali tong'o, zala zikuvina pa kachipangizo ka mabatani.

Pa kanemapo pankayenda munthu mmodzi m'dziko lophwasuka. Nyumba zinalibe madenga, magalimoto anali opserera, kumwamba kunali kofiira ngati nyengo yotentha tchire. Pakona panalembedwa dzina. A Gladson sukulu anaisiyira pakhomo, koma dzina limeneli ankalidziwa, poti anakalilembetsa okha kutchalitchi.

Francisko anafotokoza mwamanyazi. Aubrey ndiye anamupanga munthuyo n'kumupatsa dzina lake, ndipo ankamusewera Lamlungu lililonse. M'gemumo dziko linatha ndi nkhondo, otsala ndi owerengeka, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi, kusafa. Timizere tapambali tinkasonyeza ludzu, njala ndi mphamvu. Timizere tina tinali ta luso: chimene munthuyo amachita kawirikawiri chimakula, chimene wachileka chimafota. A Gladson anafunsa kuti mwana wawo ankadziwa chiyani. Francisko analoza timizere tiwiri todzadza, ka kuthamanga ndi ka kubisala. Ka kulankhula ndi anthu kanalibe kanthu. Mkuluyo anangopukusa mutu, pokumbukira kuti Aubrey ali kumudzi ankacheza mpaka ndiwo kuzizira.

Poona kuti mdala wakhala pansi, Francisko anayamba kupereka malangizo ngati mlangizi wa zaulimi. Osayenda dzuwa lili paliwombo. Madzi a m'chithaphwi uyambe wawiritsa. Osasenza katundu wambiri, amakulemetsa pothawa. Ukamva agalu, kwera pamwamba pa chinthu. Ndipo ukapeza mtembo, pisa m'matumba, tenga zimene zilimo, uzipita, chifukwa agalu sachedwa kufika. Akunena choncho, Aubrey wa pa kanema anadutsa mayi wina atagona chafufumimba m'mbali mwa msewu.

"Taimani, Francisko," anatero a Gladson. "Mwadutsa maliro."

Bwanali anaseka mpaka kusiya mutu wa munthu uli wometa mbali imodzi. Francisko anayesa kufotokoza kuti m'gemu saika maliro, palibe chimene umapindula, umangotaya mphamvu. Koma a Gladson anali ataona kale fosholo pamsana pa munthuyo. Anauzidwa kuti ndi yofukulira madzi ndi kubisira katundu. Anafunsa ngati chinthu chingakokedwe n'kulowa m'dzenje, ndiponso ngati dzenjelo lingakwiririke. Zonsezo zinkatheka. Ndiye anatambasula dzanja kuti awapatse kachipangizo kaja.

Kuyambira pamenepo anakhala mlendo wa Bwanali wosaitanidwa. Zala zawo zinali zokhakhala ngati mpini, moti akafuna kudina batani limodzi ankadina awiri, ndipo Aubrey ankagunda makoma ngati chidakwa cha kachasu. Anyamata a pamsika ankabwera kudzaseka. Koma kukumba kokha mdalayo anakudziwa msanga. Mtembo uliwonse umene ankaupeza ankaukoka bwinobwino, kuukumbira, kuukwirira, kenako iwo pabenchipo n'kuvula chipewa chawo kwa kanthawi. M'matumba sankapisamo. Patapita masabata kuseka kunachepa, chifukwa aliyense wokhala pabenchipo anali ndi wake amene anamuperekeza kumanda chaka chomwecho. Munthu ankalowa akuseka, n'kutuluka ataweramitsa mutu, tsitsi osameta.

Francisko ndiye sankagwira mtima. Ankaloza timizere tija tsiku ndi tsiku. Ka kukumba kanali katakula mpaka kumapeto, koma ka kuthamanga ndi ka kubisala, timene Aubrey anativutikira miyezi yambiri, tinkafota ngati fodya wosathirira. Anawachenjeza kuti munthu wotere akakumana ndi agalu pabwalo sangapulumuke, ndiponso kuti m'gemu imeneyi ukafa wafa, sadzukanso.

"Mukumupha, bambo," anatero tsiku lina.

"Maliro n'kulirana," anayankha a Gladson. "Akamadutsa anzake chonchi, iyeyo adzamuika ndani?"

Chimene sanamuuze n'chakuti pa benchi imeneyo ndi pamene mtima wawo unkakhala m'malo. Gemuyo inkamuonetsa Aubrey chakumbuyo, ndipo iwo ankangoyang'ana nkhongo ndi mapewa, n'kumaona ngati akumutsatira popita kudimba. Kamodzi anapempha kuti amutembenuze, amuone nkhope. Francisko anamutembenuza. Kumaso kunali kokulungidwa ndi nsanza, m'maso muli magalasi akuda otchinga fumbi, ndipo panalibe batani lovulira. A Gladson anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati amubweze momwe analili. Tsiku limenelo anabwerera kumudzi osakumba.

Tsoka linagwa masana ena a mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, malata a Bwanali akulira okha. Aubrey anafika pasukulu yophwasuka pomwe mitembo inali mbwee pabwalo, yambiri ya ana. Francisko anati madzi atsala pang'ono, achokepo akafune kaye chitsime. A Gladson anati ana sawasiya padzuwa. Anakumba, anakwirira, anakumbanso, kamzere ka ludzu kakufiira. Agalu atatulukira kuseri kwa makalasi, Francisko anawauza kuti athawe, ndipo anadinadi batani lothawira. Koma miyendo inali itaiwala ntchito yake. Aubrey anathamanga ngati nkhalamba, anagwa pafupi ndi dzenje losamaliza, ndipo kanema anada pang'onopang'ono.

A Gladson anaika kachipangizo kaja pansi mosamala. Mwana wawo anali atafanso kachiwiri, pabwalo, wopanda womuika, ndipo ulendo uno anali atamufikitsapo okha.

Francisko anakhosomola. Anati pali chinthu chimodzi chimene sanawauze, poti sichinafunikepo. Munthu akafa, gemu imakupatsa wina watsopano, wopanda dzina, wopanda luso, wopanda kanthu m'manja. Koma mtembo wa woyamba uja umakhala pomwe wagwera mpaka agalu ataumaliza, ndipo odziwa kusewera amathamangirako kukatenga katundu wake. Anatola kachipangizo n'kuwapatsa. A Gladson anakankha dzanja lakelo.

"Ine ndine bambo wake," anatero. "Bambo sakumbira mwana wake. Amakhala pansi, anzake n'kumugwirira ntchito."

Francisko anayang'ana Bwanali, anayang'ana pakhomo. Kumene kunali mtembo weniweni sanapite, ndipo aliyense m'kanyumbamo ankadziwa zimenezo, ngakhale panalibe amene anamunenapo. Anakhala pansi n'kuyamba ulendo wopita kusukulu kuja.

Munthu watsopanoyo anali wofooka, ankapuma pafupipafupi. Francisko anaphwanya malangizo ake onse. Anayenda dzuwa lili paliwombo, anamwa madzi a m'chithaphwi osawiritsa, anadutsa nyumba zokhala ndi chakudya osalowamo. Thukuta linali kamukamu pamphumi pake. Atafika pasukulu paja anapeza agalu atachoka, Aubrey ali chigonere, dzanja limodzi lili m'mphepete mwa dzenje. Mwachizolowezi chala cha Francisko chinapita pa batani lopisira m'matumba, koma anachibweza. Anangotenga fosholo ya Aubrey ija.

Wopanda luso amakumba mochedwa. Dothi linkatuluka pang'onopang'ono, ndipo dzenje litafika m'chiuno Francisko anafuna kulekeza. A Gladson anali atalonjeza mumtima kukhala chete ngati namfedwa, koma ukulu wa adzukulu unawakanika kuubisa. Anati aonjezere, agalu angafukule. Anatinso awongole mbali ya kumutu. Bwanali, amene ndi Msilamu, anazimitsa makina ake ometera n'kuima pakhomo kuti anyamata asalowe ndi phokoso. Amuna a pabenchi anavula zipewa. Wina anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kuvomera, moti amayi ogulitsa tomato kunja anayamba kufunsana kuti zagwa kwa yani. Francisko anakoka mnzakeyo mpaka m'dzenje, misozi ili chuchuchu, ndipo anakwirira mpaka panaoneka kamtumbira.

A Gladson anagwira chanza aliyense monga amachitira anthu pobalalika kumanda. Kenako anauyamba wa ku Likoswe, dzuwa litapendeka.

Anapeza a Felista pakhonde akusola nandolo. Anakhala pamwala wapafupi, chipewa chili pabondo.

"Amake Aubrey, mwana uja tamuika."

A Felista anasiya kusola. Sanafunse kuti zatheka bwanji. Anafunsa kuti anakumba ndani, ndipo anayankhidwa kuti Francisko. Anafunsa ngati dzenje linali lakuya, ngati panali anthu, ngati anamuimbira. A Gladson anayankha zonse, ndipo panalibe bodza ndi limodzi lomwe. Pamenepo mayiyo anagwira kumaso, ndipo kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku lobwera chikwama kunatuluka konse, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka, amayi akumanga nsalu m'chiuno.

Atatonthola pang'ono analowa m'nyumba. Anatuluka atafunda mpango wakuda, m'manja muli tsache, ndipo anathyola maluwa a pa mpanda oti akaluke nkhata.

"Tiyeni, abambo ake Aubrey, kusanade," anatero. "Mukandionetse pamene wagona, ndikasesepo."

Anatsogola okha mpaka pamphambano, pomwe njira ina imatsikira kumanda ndipo ina imakwera ku Namitambo. Pamenepo anaima n'kutembenuka, akudikira amuna awo kuti aloze.