La Misa Silithera pa Khumi

Patatha mwezi chiwaikireni bondo lachitsulo ku Lilongwe, a Gerevazio ankalepherabe kunyamula mwendo pabedi. Bala linali litapola. Ntchafu ndiyo inangoti lende, yoonda ngati si yawo.

Kwa zaka makumi awiri, iwowa ndiwo ankaimba belu pa katchalitchi kena kumtunda kwa Bembeke. Katchalitchiko kali pamwamba pa chitunda. Akuluakulu a mpingo anali atanena kuti akapanda kukwera okha pofika Pasaka, belu alipereka kwa wina.

Kuchipatala, Fiona, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, anawamata timapepala tiwiri pantchafu. Mawaya ake analowa m'kamakina konga wailesi ya m'thumba.

"Mukalimbitsa mnofu uwu, aka kalira," anatero. "Tayesani, bambo."

Anayesa. Kamakina kanati pii, pang'ono chabe. Pomwepo anafewetsa mwendo, kanakhala chete. Zinatero Lachiwiri, zinateronso Lachisanu. Fiona ankangolemba m'buku.

Mlungu wachitatu anaika cholembera pansi.

"Bambo, mphamvu muli nazo. Mumasiyiranji kakangoyamba?"

"Kamalira, adokotala."

"Eya, ndiye?"

"Ndiye ndikalize dala? Ka malemu akazi anga kanalira chonchi m'wodi. Anamwino anathamanga, koma tinabwerako ndi bokosi."

Fiona anawongola waya wopindika.

"Paja munati mumaimba belu? Likalira ndiye kuti kwagwa maliro?"

"Zimatengera kaimbidwe. La maliro timagunda kamodzi, n'kudikira. La Misa sitipumira."

"Ndiye inu mwakhala mukundiimbira la maliro masiku onsewa. Ndimadabwa kuti wamwalira ndani muno." Anawasendezera kamakinako pafupi. "Tandiimbireni la Misa."

A Gerevazio anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse, nakanikiza bondo pansi. Kamakina kanalira. Kanapitiriza, mawu ake akunka nakwera. Pamwamba pa chipsera mnofu unatukuka ngati mbatata yosuzumira mumzere. Chidendene chinachoka pansalu, mwina zala ziwiri.

Fiona anawerenga mpaka khumi. "Basi, pumani."

Thukuta linali litatsikira m'khosi, koma mwendo sanautsitse.

"La Misa silithera pa khumi," anatero mano ali chilumire. "Akuseri kwa phiri sanamvebe."