Chala cha Kunsi kwa Tebulo

Kukhonsolo dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso chokha. Aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, ankangoti Achala. Ntchito yawo inali yoyendera ukhondo m'malo ogulitsira zakudya, ndipo dzinalo linabwera ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Akalowa m'kantini, pamwamba pa tebulo sankayang'anapo n'komwe. Pamwamba amapukuta aliyense, ngakhale mlesi akamva kuti akhonsolo ali pamzere wakutsogolowu. Iwo ankapereka moni bwinobwino, kufunsa za ana, uku chala chikuyenda mwakachetechete kunsi kwa tebulo. Chikatuluka ankachiimika kuti mwini malo adzionere yekha. Madoda a ndevu zawo ankatuluka thukuta chifukwa cha kachala kameneko.

Mwezi umenewo bolodi la pakhonde la maofesi linadzaza zithunzi. Panali shedi yatsopano ya kumsika ndi mipope yake, abambo okumba ngalande ali m'matope mpaka m'mawondo koma mano onse pamtunda, ndiponso galimoto yotola zinyalala imene inagona pamiyala nthawi yaitali, tsopano ikuyenda ngakhale inkatsokomolabe pachitunda. Mtsikana wa ku ofesi ya ziphaso anali pomwepo ndi gauni la maphunziro amene ankachita madzulo akaweruka. Pakatikati panali Achala, atatsinzina diso limodzi chifukwa wojambula sanawadikire. Mvula ya chaka chimenecho inadutsa popanda matenda otsegula m'mimba kumsika, ndiye khonsolo inawasankha kukhala wogwira ntchito bwino kuposa onse.

Bwana wawo anawauza kuti mwambo wothokoza ogwira ntchito udzachitika Lachisanu m'holo, ndipo aliyense wolandira mphoto abwere ndi m'bale mmodzi wodzakhala naye kutsogolo. Achala anavomera ndi mutu, koma mtima unapita pansi. M'tauni monsemo m'bale wawo anali mmodzi, mng'ono wawo, ndipo mng'onoyo anali asakuwalankhula.

Nkhani yake inali ya mvula ya chaka chatha. Mng'onoyo ndi mwamuna wake anali ndi kantini kumsika wakale, pafupi ndi ngalande yotsekeka. Achala anawachenjeza za uve wa m'kantinimo kunyumba, akumwa tiyi, mwachibale. Anawachenjezanso kachiwiri. Mlamu wawo, munthu wanthabwala amene akhoza kuseketsa ngakhale wodwala dzino, ankangoti alamu musade nkhawa, mphemvuzo n'zodutsa, sizikhala pano. Kenako ana atatu a pamzerewo anagonekedwa kuchipatala. Achala anapita ndi anzawo awiri atavala yunifomu, chala chinatuluka chakuda bii, ndipo kantini inatsekedwa anthu akuonerera. Kuyambira tsiku limenelo Achala akamuimbira mng'onoyo, foni inkangoitana osayankhidwa.

Achala sankadandaula kuti anatseka. Akanatsekanso ngakhale lero. Koma ankamusowa mng'ono wawoyo, kumusowa kwenikweni. Ndi iwo anamulera mayi awo atamwalira, kumuluka tsitsi, kumuperekeza kusukulu, kumukalipira za anyamata. Lamlungu masana nyumba inkangoti zii, ndipo ankapezeka atatulutsa makapu awiri mwachizolowezi n'kubwezera imodzi m'kabati.

Ogulitsa zakudya atasamukira mu shedi yatsopano, banjalo linapatsidwa malo n'kutsegulanso. Achala anapempha kuti mzere umenewo aziyendera mnzawo wina, bambo wamtali amene anthu ankamutcha Mlongoti. Achala ankazungulira kuseri kwa ogulitsa masamba. Mlongoti akafuna kuwauza zimene waona kumeneko, ankamudula pakamwa kuti si mbali yawo. Choonadi n'chakuti ankaopa kumva.

Lachitatu anatumiza uthenga pafoni, waufupi, wongonena tsiku ndi malo. Foni inasonyeza kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere.

Lachisanu holo inadzaza. Chimkuzamawu chinalira ngati mwana wa mbuzi, akuluakulu analankhula motalika, aliyense akulonjeza kuti satenga nthawi. Woyendetsa galimoto ya zinyalala anabwera ndi mkazi wake, amene ankaomba m'manja ngakhale pamene sipanayenere. Mtsikana wa ziphaso anabwera ndi bambo ake atavala jekete lowakulira. Achala anaika chikwama chawo pampando wa m'bale kuti usaoneke wopanda munthu. Dzina lawo litaitanidwa, anthu a m'holo anaimika zala m'mwamba n'kuseka, ndipo iwonso anaseka nawo, analandira satifiketi ya mu fulemu, anajambulidwa. Pobwerera kumpando maso awo anathamangira kukhomo, ngakhale anali atawaletsa.

Pakhomopo panali mlamu wawo, epuloni ali nayo m'chiuno.

Mwambo utatha mlamuyo anawapeza panja. Nthabwala anali atazisiya kwina tsiku limenelo. Anati mkazi wake sakanatha kubwera chifukwa masana kantini imakhala yodzaza, ndipo iyenso wangothawako pang'ono.

"Koma akuti mubwere ndinu, alamu. Akuti musasiye chala."

Achala anamutsatira, fulemu ataikumbatira pachifuwa. Njira yochokera kuholo kupita kumsika ankaidziwa ngati m'nyumba mwawo, koma tsiku limenelo inawatalikira. Ankaganiza chinthu chimodzi chokha. Chala chikatuluka chakuda, sangachibise m'thumba. Sanachitepo zimenezo kwa munthu aliyense, ndipo mng'ono wawo angadziwe kuti amunamiza. Ndiye kuti akamutayanso, ulendo uno mwina mpaka kalekale.

Kantini inali yaing'ono, ya matebulo anayi ndi benchi kukhoma. Pakhomo panali mpope ndi sopo womangirira kachingwe kuti asayende ndi makasitomala. Mng'ono wawo ankadula buledi kuseri kwa kauntala, atamanga tsitsi mu duku loyera. Anali ataonda pang'ono. Sanapereke moni. Anamaliza kudula, napereka tiyi kwa amalonda awiri amene anakhala pakona, kenako analoza fulemu ija ndi mpeni.

"Ikani pansi chimenecho. Yenderani."

Achala anayesa kuzemba. Anati mzere uno ndi wa Mlongoti, ndipo iwo abwera ngati m'bale chabe. Mng'onoyo anayankha kuti Mlongoti amabwera mwezi uliwonse n'kumayamikira, koma Mlongoti amayang'ana ndi maso, ndipo iye sanakolope chaka chonse kuti asangalatse maso a Mlongoti.

Amalonda aja anasiya kutafuna. Achala anatsamiritsa fulemu pabenchi. Anapititsa chala kunsi kwa tebulo loyamba, kuchokera kukona mpaka kukona, n'kuchiimika. Chinali choyera. Tebulo lachiwiri chimodzimodzi. Apa ntchito inawalowa m'magazi, manyazi n'kuthawa. Anagwada n'kupisa kunsi kwa kauntala, kuseri kwa firiji, m'mphepete mwa shelefu ya makapu, pachivundikiro cha ndowa ya zinyalala. Konseko chala chinkabwerako monga chapitira.

Kunatsala kashelefu kam'mwamba, pamene panali wailesi. Achala anaimirira ndi zala za kumapazi n'kupititsa chala kuseri kwake. Chinabwerako ndi fumbi. Silinali lambiri, koma linali fumbi ndithu, looneka kwa aliyense. Anachiyang'ana. Kenako anachiimika.

Mng'onoyo anayang'ana chalacho, nayang'ana wailesi, natembenukira kwa mwamuna wake pang'onopang'ono.

"Paja munati pawailesi panu ndisamagwirepo, mumapukutapo nokha?"

Nsanza yonyowa inauluka n'kukatera paphewa pa mlamu. Iye anayamba kufotokoza kuti fumbilo ndi la lero lomwe, labwera ndi nkhani za masana, koma palibe anamumvera. Amalonda anaseka mpaka tiyi kutayikira. Achala anati fumbi la pawailesi silinatsekulepo munthu m'mimba, koma alamu apukute ndithu iwo asanachoke. Atatero anakhala pabenchi.

Makasitomala atapita, mng'onoyo anabweretsa makapu awiri n'kukhala pambali pawo. Anati kutseka kuja kunamupweteka mwezi umodzi wokha. Ngalande ija nayenso ankaimva fungo, ndipo ana aja atagonekedwa sankagona tulo. Chimene chinamukhala pamtima chinali china.

"Munanditchula kuti mayi. 'Mayi, malo ano tikutseka.' Pamaso pa anthu onse aja, ngati simukundidziwa. Ine ndinkayang'ana achemwali anga, inu mukuyang'ana khoma."

Achala anakumbukira khomalo, ndi kalendala yakale imene inali pamenepo. Anamuuza zoona, kuti akanangomuyang'ana kumaso tsiku lija, akanalephera kutseka.

"Mukanatseka mukundiyang'ana," anatero mng'onoyo. "Ndikanalira, koma ndikanabwera Lamlungu."

Achala anaika kapu pansi. Anatembenuka n'kumuyang'ana bwinobwino, kumaso, mpaka onse awiri misozi inalengeza. Anamukonza duku limene linapendekeka, monga ankachitira akamapita kusukulu, n'kumufunsa chifukwa chake waonda chonchi pamene amagulitsa chakudya.

Mlamu, amene anali pampando akupukuta kuseri kwa wailesi, anaona kuti mitambo yayera ndipo pakamwa panatseguka. Anafunsa ngati satifiketiyo ili ndi kokhala, poti kunyumba kwa alamu ikaonedwa ndi abuluzi okha. Mkazi wake anali atainyamula kale. Anaipukuta galasi ndi epuloni, nawerenga mawu onse mokweza, dzina lenileni lija ndi zonse. Anauza mwamuna wake kuti asatsike, achotse wotchi pamsomali wa pamwamba pa kauntala.

"Ikhala pano. Akaifuna azibwera kudzaiona," anatero, osawayang'ana achemwali ake, akuthira tiyi wina m'kapu yawo.