Mzere Umene Chipego Analumpha

Chipego anali mtsikana wa mawu ochepa. Kusukulu aphunzitsi ankachita kumukuwira kuti akweze mawu, ndipo mlendo akafika pakhomo pawo ku Maramba iye ankapeza chochita kuseri kwa nyumba. Koma Chingerezi ankachiwerenga kuposa aliyense m'banjamo, choncho kalata iliyonse yobwera mu envelopu ya khaki inkadikira iyeyo.

Chinali chaka cha 1995, atangolemba mayeso a Giredi 9. Fakitale ya mabulangete itatsekedwa, atate ake, ba Mweetwa, anagula vaneti yoyera yakalekale n'kumanyamulira amayi a pamsika makala, tomato ndi matumba a tinsomba touma ta kapenta. Banja lonse linkadya vanetiyo.

Loweruka lina m'mawa, amayi ake ali kumsika, kunamveka mawu pageti.

"Odi kuno kwa anthu ogona na ng'ombe m'nyumba!"

"Lowani, koma ng'azi zathu muzisiye, sizodya!" anayankha ba Mweetwa akuseka.

Anali ba Mufalo a ku Libuyu, amene anagwira nawo ntchito pa makina amodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Iwo anali Mlozi, ba Mweetwa Mtonga, ndipo Atonga ndi Alozi ndi pachimbuya: amanyozana moseka, samakwiyirana, ndipo mbuya akapempha kanthu sakanizidwa.

Atamwa tiyi, ba Mufalo anaika chipewa pabondo. "Mbuya, nifuna motoka, lero chabe. Nsomba zanga zouma zili ku Mambova, mvula ikabwera zaonongeka."

Ba Mweetwa anayang'ana vaneti, anakanda kumutu. "Nkhani ni inshuwalansi, mbuya. Mapepala aja ali na malamulo yake. Chipego! Bweretsa envelopu ili pansi pa wailesi. Werenga bwino, osathamanga, utiuze zimene akamba za woyendetsa."

Chipego anagwada pambali pa mpando n'kutambasula pepalalo. Chala chake chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinaima pa mzere wina. Mawuwo anali osavuta: galimoto iyendetsedwe ndi mwini wake yekha, amene dzina lake lalembedwa pamwamba, ikachita ngozi ili m'manja mwa wina, kampani silipira kanthu.

Anadzutsa maso. Ba Mufalo ankamwetulira, munthu yemwe anamunyamula paphewa tsiku loyamba kuona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Iye mwana akanayamba bwanji kuuza munthu wamkulu kuti pepala likumukana? Komanso anaganiza kuti atate ake avomera kale mumtima, akungofuna kumva kuti zonse zili bwino. Chala chinatsetsereka n'kufika pa mzere wotsatira.

"Akuti woyendetsa akhale ndi laisensi."

"Iyo nili nayo kuyambira ukalibe kubadwa," anatero ba Mufalo akugunda thumba la malaya.

"Chabe?" anafunsa ba Mweetwa. "Palibe vina?"

"Ndi zomwezo, atate."

Ba Mweetwa anamuyang'ana mwana wawo kanthawi ndithu. Kenako anapisa m'thumba n'kupereka makiyi.

Uthenga unafika dzuwa litapendeka. Pobwerera, pa msewu wa Nakatindi, ng'ombe inadumphira kutsogolo, ba Mufalo anaipewa n'kukaomba mtengo. Iwo anathyoka mkono wamanja, vaneti inaphwanyika kumaso konse. Anaikoka ndi thirakitala n'kudzaisiya pansi pa mango pabwalo, ikununkha nsomba. Ngakhale kuchipatala ba Mufalo sanasiye nthabwala zawo.

"Ng'ombe ija ni ya Mtonga, inaniziba kuti ndine Mlozi. Koma osadandaula mbuya, a inshuwalansi azakonza."

Ba Mweetwa anaseka ndi mano okha. Chipego, amene ananyamula basiketi ya chakudya, ankayang'ana mawilo a bedi.

Patapita masabata atatu inabwera envelopu ina. Ba Mufalo analipo tsikulo, mkono uli mu pulasitala, ndipo amayi ake a Chipego, ba Lonah, anali atakhala pakhomo akusankha nyemba. Ulendo uno panalibe mzere wolumpha, kalata yonse inali mizere inayi. Kampani inakana, chifukwa woyendetsa sanali mwini galimoto.

Ba Lonah anaika lichero pansi. "Ba Mufalo, imwe mwayendetsa mamotoka zaka zingati? Munaziba! Munaziba kuti ni motoka ya munthu mmodzi, koma nsomba zanu ndiye zinali patsogolo."

"Mulamu, osakamba tero. Mwana anawerenga pepala pamaso panga, anati laisensi chabe."

"Manje mufuna kuika mlandu pa mwana? Uyu Chizungu amachimwa monga madzi, angalumphe chinthu chachikulu so? Chipego, kamba! Sunawauze?"

Chipego anayang'ana atate ake, poganiza kuti iwo alankhula, popeza analipo ndipo anamva zonse. Koma ba Mweetwa anali kuthothola ulusi pa thalauza lawo.

Ba Mufalo anadikira. Anayang'ana mwana, anayang'ana mnzawo, kenako anavala chipewa ndi dzanja lamanzere.

"Ngati ni tero, ndiye kuti makutu yanga ndiye yananama. Salani bwino."

Aka kanali koyamba kuti atuluke pageti lija osatchula ng'ombe.

Miyezi iwiri inadutsa. Ba Mweetwa anabwereka wilibala n'kumakankha matumba a anthu omwe kale ankawanyamula pa vaneti. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Kumsika ba Lonah anauza aliyense kuti Mufalo anapha galimoto ya mnzake n'kunamizira mwana, ndipo amayi ena anasiya kuoda nsomba kwa ba Mufalo. Zotsatira za mayeso zitatuluka, Chipego anakhoza bwino, makamaka Chingerezi. Anthu a kutchalitchi ankamugwira chanza, iye n'kumamva ngati wavala diresi lakuba.

Tsiku lina masana anapeza atate ake atagona pansi pa vaneti, akumasula zitsulo zoti akagulitse. Ankangoona miyendo yawo yokha, ndipo mwina n'chifukwa chake anakwanitsa.

"Atate, tsiku lija ndinauona mzere uja. Ndinaulumpha dala. Ndinachita manyazi ndi ba Mufalo."

Sipanala inasiya kulira. Kenako mawu anatuluka pansi pa galimotopo, otsika kwambiri.

"Ninaziba."

"Munadziwa kuti ndalumpha?"

"Munthu wa inshuwalansi ananifotokozera tsiku ninasaina. Anati iyi ni yotchipa, muziyendetsa mweka."

Chipego anakhala pansi pa dothi. "Nanga munandiitaniranji?"

Ba Mweetwa anatuluka chafufumimba, nkhope ili girisi, osamuyang'ana. "Mbuya sakanizidwa, mwana wanga. Ninafuna kuti pepala ikane, ine nikambe kuti waona mbuya, si ine, ni malamulo. Pamene unati ni zomwezo, ninasowa pobisala."

"Koma tsiku la kalata lija, bwanji simunanene?"

"Nikanakamba, amako akanaziba kuti ninapereka makiyi nili kuziba zonse." Anapukuta manja pa chiguduli, chala chimodzichimodzi. "Ninamuona Mufalo akuniyang'ana. Ninamuona."

Nkhuku inkatetera m'galimoto. Chipego ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo zikanamupepukira. Mmalo mwake anangoona kuti manyazi ake aja sanawatole panjira, anawatengera kwa atate ake.

"Tenga bolopeni," anatero atate ake pomaliza. "Umulembere kalata yabwino, ine nizasaina."

"Iyayi, atate." Chipego anaimirira. "Tipite. Mukanene ndi pakamwa panu, inenso ndikanena zanga."

Anapita Lamlungu potuluka m'tchalitchi, wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ba Mweetwa ankayeserera poyambira, mwina nthabwala ya ng'azi, mwina kungogwada. Atafika ku Libuyu anapeza pawindo pali makatani ena, ndipo mayi wosamudziwa akusesa pabwalo.

"Ba Mufalo? Anakuka, yapita sabata. Mkono unapola mokhota, sangakwanitse kunyamula matumba, na malonda yanafa. Anapita kwa abale awo ku Sesheke."

"Sanasiye mawu?" anafunsa ba Mweetwa.

"Mawu ya ndani? Ndimwe abale awo?"

Anali Chipego amene anayankha kuti ndi mbuya wawo. Mayiyo anapukusa mutu n'kupitiriza kusesa.

Madzulo a tsiku lomwelo anawauza ba Lonah zonse, woyamba Chipego, kenako atate ake. Ba Lonah sanakalipe. Anangogwira pakamwa n'kufunsa kuti, "Manje ine nizabweza bwanji vonse vija ninakamba pamsika?" M'mawa mwake anapita ndithu n'kuyamba kuuza anzawo benchi ndi benchi, koma ambiri ankangoti zapita izo, ena anali ataiwala kale kuti Mufalo ndi uti.

Ba Mweetwa ankati mvula ikatha akwera lole ya ku Sesheke akamufune mnzawo. Mvula inatha, msewu unauma. Chipego anayamba Giredi 10, ndipo Lachisanu lililonse pochokera kusukulu ankawafunsa kuti apita liti. Ankati sabata ya mawa. Anawafunsa mpaka mwezi wa Julaye, kenako nayenso anasiya.