Pikapu Yoimaima ya a Lucious

Pikapu inazimanso pafupi ndi chigafa cha fodya, Thoko atangochotsa phazi pa mafuta. Inanjenjemera kaye, kutsokomola, kenako zii.

"Mwaona mlamu?" anatero a Yobu, mng'ono wawo wa malemu a Lucious. "Yafa ndi mwini wake iyi."

A Elube, mayi ake a Thoko, anangokhala pamphasa, mutu wometa uli m'duku, makuponi a feteleza atawamangirira pansonga ya chitenje chakuda.

Vuto linayambira pamaliro penipeni. Ukamaiponda imayenda bwinobwino, koma ukangoima basi yazima. Itanyamula bokosi la a Lucious, amayi a Mvano akangoima kuti ayambe nyimbo ina nayo imazima, adzukulu n'kumakankha. Anthu n'kumanong'onezana kuti malemu akukana kupita. Thoko anaseka. Pamaliro a bambo ake enieni, anaseka mpaka misozi, ndiye misoziyo sinalekenso.

Tsopano a Yobu anali atanena kuti galimoto yochita zoterozo siingakhale pakhomo pa namfedwa, mawa aikoka ndi ng'ombe akaigulitse masipeya ku boma. Chikhalirecho feteleza wa makuponi anali atafika ku Mtunthama, chimanga kumunda chayamba chikasu, ndipo m'mudzimo aliyense wa ngolo anali kalikiliki ndi matumba ake. Komanso mpando wa pikapuyo unkanunkhabe bambo ake a Thoko, fodya ndi sopo. Izi Thoko sanauze munthu.

Anaimbira foni a Khamisi, makaniko wa pa Mtunthama, ndipo anabwera pa njinga yamoto. Anapepesa kaye maliro atagwada, kenako n'kutsekula boneti. Anamasula kavalavu kamene kamalowetsa mpweya mu injini woyendetsa akachotsa phazi, ankaganiza kuti katsekeka ndi mwaye. Anakapeza koyera. Mapulagi nawo ali bwino. Anauza Thoko kuti alize n'kuponda pang'ono chabe, iwo n'kuika khutu pafupi ngati akumvera miseche.

Tsiii, panamveka kaphokoso. Kapaipi kamphira kanali kong'ambika m'mbali, injini ikumwa mpweya wolowera pomwe suyenera.

"Apa panali kansanza kofiira, kokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga," anatero a Khamisi. "Kapita kuti?"

A Yobu anayang'ana pansi, n'kumakumba dothi ndi chala chakuphazi. M'mawa wa tsiku la maliro ndi iwowo amene anatsuka pikapu, okha, kukana kuthandizidwa. Anatsuka matayala, anatsuka mpaka mu boneti, n'kuchotsa tinsanza ndi timawaya tonse tooneka zauve.

"Ndimati achimwene asapite ndi nsanza," anatero a Yobu.

Thoko anamva kuseka kukubweranso, anadzigwira pakamwa, koma chimene chinatuluka sikunali kuseka.

A Khamisi anapukuta manja n'kufotokoza kuti anawauza a Lucious kambirimbiri zogula paipi yatsopano, malemuwo amangoti tikagulitsa fodya, tikagulitsa fodya. Za utsi, za chitseko chotsekera ndi chingwe, analibe nazo ntchito. Chomwe amadandaula chinali chimodzi.

"Amati, Khamisi, bola isamazime ndikaima. Ine ndimaima kwambiri."

Thoko anadziwa. Ulendo wa ku Mtunthama ndi bambo ake sumatha msanga. Wa mtolo wa nkhuni, wa mwana wodwala, ngakhale woledzera, onse amawaimira, amayi n'kumakalipa kuti tikafika mawa.

Paipi yatsopano kunalibe, mpaka ku boma. A Elube anadzuka pamphasa, koyamba chiikireni maliro kuyandikira galimotoyo. Analuma m'mphepete mwa chitenje chakuda chija, n'kung'amba kansalu, kwaa. Sanapereke kwa makaniko. Anapereka kwa a Yobu.

A Yobu anakulunga okha, a Khamisi n'kumangapo mphira. Thoko analiza, n'kuchotsa phazi pang'onopang'ono. Injini inangoti du du du du, osazima.

Za ng'ombe sanazitchulenso. A Yobu anakwera kumbuyo, amayi kutsogolo, ulendo wa ku feteleza.

Atadutsa minda ya fodya anaona mayi wina kutsogolo, mwana kumbuyo, thumba pamutu, akuyenda m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo. Mayiyo sanabayitse n'komwe. Thoko anapondabe mafuta, mantha, ikazimira pano akankha ndani?

A Elube anaika dzanja pabondo pake.

Thoko anaima. Anachotsa phazi, n'kugwira mpweya. Pikapu inanjenjemera pang'ono, n'kupitiriza kulira yokha. Pagalasi anaona a Yobu atawerama, akulandira thumba lija ndi manja awiri.