Mthenga wa Mfumu Achedwa

Enos anayang'ananso wotchi ya pakhoma. Nthawi inali itadutsa 3 koloko masana, koma Kapambwe anali asanafike.

Pa nyumba yosanja ya ku Jumeirah Lake Towers imene Enos ankalondera, m'dziko lakutali ndi kwawo ku Malawi, lamulo linali loti mlonda sachoka mpaka womulandira atafika, atasaina m'buku ndi kutenga wailesi. Supavaiza anali atamukaniza tchuthi, koma analola kuti mnzake amugwirire maola atatu. Kapambwe, mlonda mnzake wa ku Lusaka, anadzipereka yekha ngakhale linali tsiku lake lopuma.

Mwambo wopereka mphoto kwa ochita zisudzo unali woyamba 4 koloko m'holo ina ku Al Quoz. Okonza mwambowo anali atanena poyera kuti amene sadzapezeka m'holo dzina lake likamatchulidwa, mphoto idzapita kwa wotsatira.

Enos analowa m'gulu la zisudzo chifukwa cha Stellah, nesi wa ku Zomba amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Gululo linachita sewero lakalekale la Agiriki, ndipo iye anapatsidwa mbali ya mthenga wokauza mfumu kuti mzinda wake wagwa. Wotsogolera sewero ankafuna kuti aimirire ndi kufuula. Poyeserera ankaterodi. Koma tsiku loyamba pa siteji, atafika pamaso pa mfumuyo, mawondo ake anapinda okha. Anagwada, nawomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi, n'kunena uthengawo motsitsa mawu. Kwawo ku Dedza uthenga wa maliro sanena choimirira. M'holo munangoti zii. Wotsogolera sanamukalipire, anangoti azichita choncho masiku onse. Oweruza anaika dzina lake pakati pa anthu anayi opikisana.

Tsopano ankangoyendayenda pakati pa tebulo ndi khomo. Anatsegulira chitseko mayi wina wokankha mwana pa kangolo. Anapatsa madzi ozizira munthu wa njinga yamoto wobweretsa chakudya. Anakhala pansi, n'kudzukanso. Kenako anaimbira Kapambwe.

"Achimwene, muli pati?"

"Mudala, nili pafupi. Nabwela manje manje."

"Manje manje wanuyo anayamba 2 koloko."

"Imwe a Malawi mumakonda kudandaula. Mfumu izayembekeza."

Foni inaduka. Enos ankadziwa kuti basi yochokera ku International City imatenga nthawi, koma osati chonchi. Mumtima munayamba kubwera mawu oipa onena za mnzakeyo. Anawabweza. "Ambuye, ngati mphotoyo ili yanga, musaibweze pa khomo," anatero chamumtima, "ngati si yanga, mundikhazike mtima." Mtimawo sunakhazikike.

Uthenga wa Stellah unalowa pa foni: "A Enos, anthu ayamba kulowa. Ndakusungirani mpando ndi chikwama changa."

Patatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane, Kapambwe analowa ali thukuta kamukamu, atanyamula chinthu chokutidwa m'pulasitiki pa hang'ala.

"Munali kuti?" anafunsa Enos, mawu atauma.

"Ku Discovery Gardens, kwa munzanga Overton. Nenze nabweleka jekete." Anachotsa pulasitikiyo. Linali jekete lakuda, lositasita bwino. "Munafuna kukalandila mphoto mu yunifomu? Anthu azayamba kukufunsani kwamene kuli toileti."

Enos anali ataganiza zopita ndi malaya a ntchito basi, chifukwa suti yake anaisiya kumudzi. Kapambwe anasaina m'buku, n'kumulanda wailesi m'manja.

"Yalla, fulumilani, vulani baji. Takisi naiuza iyembekeze panja."

Jeketelo linali lalitali mikono. M'takisi Enos ankangolipinda, likumasuka, iye n'kulipindanso. Pa msewu waukulu magalimoto anali atathithikana. Woyendetsa, bambo wachikulire wa ku Pakistan, anamuyang'ana pa kagalasi, n'kupatukira njira ya pakati pa mafakitale osafunsa kanthu.

Anafika patatha theka la ola mwambo utayamba. Zitseko za holo zinali zotseka, ndipo patsogolo pake panaima mlonda wa ku Nepal.

"Khalas, basi, atseka. Salowa munthu mwambo uli mkati," anatero mlondayo m'Chingerezi.

Enos sanatsutse. Lamulo la pa khomo ankalidziwa, ndipo iye mwini anali atabwezapo anthu ambiri. Anangoima, manja kumbuyo. M'kati munkamveka mawu a mayi wolengeza. Mlondayo anayang'ana jekete, kenako maso ake anatsikira ku thalauzi ndi kunsapato zikuluzikulu za ntchito, zofanana ndi zake.

"Shifiti?"

"Wondilandira anachedwa."

Mlondayo anaika khutu pa chitseko. "Akayamba kuwomba m'manja, ndikhoza kutsegula. Pamenepo palibe amene angamve."

Anadikira. Mayi wolengezayo ankalankhulabe. Kenako m'manja munamveka, chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo Enos analowa chammbali. Asanaupeze mpando wa Stellah, anamva akuwerenga mayina anayi a ochita mbali zothandizira. Envulopu inang'ambidwa. Dzina lake analitchula mopotoka, koma linali lake.

Anakwera siteji nsapato zikugunda matabwa. Wopereka mphoto anali mayi wa imvi, wamkulu kuposa mayi ake omubereka. Enos anagwada bondo limodzi, nalandira mphotoyo ndi manja awiri, mikono ya jekete itaphimba zala. Anthu anawomba m'manja kwambiri, ena akuseka, poganiza kuti akubwereza za m'sewero. Stellah sanaseke. Anangoweramitsa mutu.

Atamupatsa maikolofoni, Enos anathokoza Mulungu, gulu lake, ndi munthu wina amene anali ataima pa khomo m'malo mwake. Atatsika anakhala pambali pa Stellah mphindi zochepa, kenako anayang'ana nthawi pa foni.

"Mukupita kale? Kuli chakudya," ananong'ona Stellah.

"Mundikulungire. Kapambwe sanadye."