Branko Anangomva Atatu

Branko Maric anabwerera kwawo ku Coober Pedy, tauni ya migodi, ali ndi chipsera chachitali pamimba ndi botolo la mapiritsi limene sankafuna n'kuliona komwe. Madokotala a ku Adelaide anali atamuchotsa chotupa cha khansa m'matumbo aang'ono, chachikulu ngati lalanje. Kwa iye nkhani inali itatha. Chimene chinkamudya chinatayidwa, nanga mapiritsi a zaka zitatu ndi a chiyani?

Branko anali atakumba miyala yamtengo wapatali ya opalo zaka makumi atatu. Anthu a ntchito imeneyi ndi olimba mtima mpaka kupusa. Munthu amaboola maenje makumi asanu osapeza kanthu, kenako n'kutola kamwala konga chikhadabo, basi wayamba kudzitcha katswiri.

Sabata yachiwiri Mayi Kostas, namwino wa m'tauniyo, anamuitana pamodzi ndi mkazi wake Noelene. Anayala kalata ya madokotala patebulo n'kufotokoza kuti pofuna kudziwa ngati chotupa chotere chingabwerere, amayang'ana kukula kwake, malo amene chinamera, liwiro limene maselo ake ankachulukana, ndiponso ngati chinaphulikira m'mimba. Cha Branko sichinaphulike. Zitatu zinazo zinali zoipa.

"Bambo Maric, tikatenga anthu khumi a chotupa chonga chanuchi, osamwa mankhwala, asanu ndi awiri chimawabwerera. Kawirikawiri m'chiwindi."

Branko anawerenga zala, nkhope n'kuwala. "Ndiye kuti atatu amapulumuka? Mayi, ine ndadyetsa banja ndi mwayi wa dzenje limodzi pa makumi asanu. Atatu pa khumi ndi phwando."

"Dzenje likakhala lopanda kanthu mumakumba lina," anatero namwinoyo. "Chiwindi muli nacho chimodzi."

Noelene ndi amene anaika botolo m'chikwama. Branko anamwa masabata asanu. Zikope zinatupa, miyendo inkakokana ali pamakwerero, ndipo m'mimba munkatseguka ali pansi pa dzenje, kumene kulibe chimbudzi ngakhale kathengo kobisalapo.

Tsiku lina akutunga madzi pa pampu ya m'tauni anakumana ndi mnzake Clarrie, amene anakumba naye limodzi kuyambira kale.

"Aise, maso amenewo wabwereka kwa chule?" anamufunsa Clarrie. "Mlamu wanga wa ku Port Augusta anamuchotsa chotupa cha dzina lomwelo. Piritsi sanamwe n'limodzi lomwe. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano, akuvutitsabe mlongo wanga."

Clarrie sananame. Chimene sankadziwa n'chakuti cha mlamu wakeyo chinali m'chifu, chaching'ono ngati chala chachikulu, ndiponso chaulesi pokula. Dzina linali limodzi, koma kalata zinali ziwiri.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Branko ankagwedeza botolo kuti Noelene amve, piritsi n'kuliika m'thumba la malaya. Akafika kuntchito ankaliponya m'dzenje lakale limene linamukana zaka zapitazo. M'dera lonselo ndi dzenje lokhalo limene munthu ankaikamo chuma m'malo mochotsa.

Nthawi yokajambulitsa m'mimba itakwana, iye anali atangopeza mzere wa mwala wowala. Anati sangausiye n'kuyenda maola asanu ndi anayi pamsewu wa ku Adelaide kuti akagone m'makina ojambulira. Mayi Kostas anaimba foni kawiri, namuuza kuti ngati mankhwala akumuzunza anene, pakuti adokotala amadziwa kuchepetsa mavutowo. Branko anayankha kuti zonse zili bwino, ndipo anaonjeza kuti maso aphwa. Apa pokha ndi pamene ananena zoona.

Patatha chaka ndi theka thalauza linayamba kumugwa, ndipo kumanja pansi pa nthiti kunkalemera. Ulendo uno ku Adelaide anapita atagona pampando wakumbuyo, Noelene akuyendetsa. Chithunzi chinaonetsa zotupa zinayi m'chiwindi. Adokotala anati mpeni sungathandizenso. Anamupatsa mapiritsi omwe aja, osati a zaka zitatu, koma a moyo wake wonse, oti azigwira matendawo mwendo kwa nthawi imene angathe.

Noelene sanakalipe. Anangofunsa kumene mapiritsi oyamba aja anapita, ndipo atafika kwawo Branko anamutengera padzenje lija. Mkaziyo anasuzumiramo nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo amaima pambali pa Branko m'mawa uliwonse mpaka atameza piritsi, kenako amamuuza kuti ayasame ngati mwana.

Pamakwerero Branko satsikanso. Clarrie anabwera kudzamuona, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti mwayi unangomutembenukira.

"Usaunamizire mwayi, aise," anatero Branko. "Mayi aja anandiuza asanu ndi awiri. Ine ndinangomva atatu."

Phunziro: Chotupa chikachotsedwa, funsani kuti mwayi woti chibwerere ndi wotani kwa inuyo, osati kwa mlamu wa mnzanu. Akakuuzani kuti ndi waukulu, imwani mankhwala ndipo pitani kukajambulitsa. Akamakuzunzani mankhwalawo, kauzeni achipatala, osati dzenje.